CHOYEZERA MVULA CHATHU CHIJA CHIDAPITA KUTI?

Awa ndi mawu omwe mmodzi mwa ophunzira akale adayankhula pa msonkhano wapachaka wa Bungwe lathu m'holo ya sukulu. Tawasindikiza onse potsatira pempho la mamembala omwe sadathe kufika.

A Wapampando, a Mphunzitsi Wamkulu, aphunzitsi athu opuma omwe mwatilemekeza pobwera, akuluakulu a komiti, anzanga ophunzira akale, amayi ndi abambo, ndi inu ana a Fomu 4 omwe mwakhala kumbuyoko.

Poyamba ndithokoze komiti kaamba kondipatsa mwayi woima pano. Kalata ya a Mlembi idati ndiyankhule za maphunziro ndi kusintha kwa nyengo, ndipo ndisapitirire mphindi makumi awiri. Mutuwo ndauvomera, koma za mphindizo tiona, pakuti nonse mukudziwa kuti munthu wogwira ntchito m'Boma akangogwira chimkuzamawu amakhala ngati mbuzi yomwe yadula chingwe. Ndinenenso kuti pano sindikuyankhulira Unduna womwe ndimagwirako ntchito. Ndikuyankhula ngati mwana wa pasukulu pano, yemwe adadya nyemba zofumbwa zaka zinayi m'chipinda chodyera chili apocho, nakula nazo bwinobwino.

M'mawa uno ndisanalowe muno, ndinayamba ndazungulira kuseri kwa labotale. Anzanga omwe tidali pano m'zaka za m'ma 1990 mukukumbukira zomwe zidali kumeneko. Padali kampanda ka waya, ndipo m'kati mwake mudali kabokosi koyera ka miyendo inayi, ka timazenera topingasa, momwe munkakhala zoyezera kutentha. Pambali pake padali chitini cha mkuwa chokwiriridwa theka m'nthaka, chokhala ndi fanulo pamwamba ndi botolo m'kati. Chimenecho chidali choyezera mvula. Tsiku lililonse nthawi ya 8 koloko m'mawa, ophunzira awiri ankapita kumeneko, kuthira madzi a m'botolo m'kagalasi ka mizere, kuwerenga mamilimita, ndi kulemba m'buku lalikulu la chikuto chakuda. Lero ndapezako chitsa cha konkire ndi mbuzi ziwiri zikudya msipu. Sindikuloza chala munthu aliyense. Ine ndemwe ndakhala ndikubwera ku misonkhano imeneyi zaka zambiri, koma sindidafunsepo n'kamodzi komwe kuti chitini chija chidapita kuti.

Aphunzitsi athu a Jiogalafe, aja tinkawatchula dzina lomwe sindingalibwereze pamaso pa akuluakulu, sankaseka nalo bukulo. Ukaiwala tsiku lako, kapena ukalemba nambala ya m'mutu uli pabedi, ankadziwa ndithu, chifukwa iwonso adali ndi chitini chawo kunyumba. Chilango chake chidali kukumba dzenje la zinyalala. Ife tinkaiona ntchitoyo ngati nkhanza chabe, yopanda phindu pa mayeso a MSCE. Zanditengera zaka pafupifupi makumi atatu kuti ndizindikire kuti pa zonse zomwe ndidaphunzira pano, phunziro limenelo ndi lomwe dziko lathu likulisowa kwambiri lero, ndipo nkhani yanga yonse yagona pamenepo.

Tisanamizane kuti nyengo yovuta yayamba dzulo. Agogo athu ankasimba za njala ya 1949. Kuyambira 1915 mpaka 1935 madzi a m'nyanja ya Malawi adatsika kotero kuti mtsinje wa Shire udaleka kutuluka m'nyanjamo. Nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995 pomwe ena a ife tidali mu Fomu 1. Napolo adagumula phiri la Zomba mu 1946, ndipo mu Malichi 1991 adasesa midzi ku Phalombe. Ine chilala cha 1992 ndimachikumbukira bwino. Ndidali ku pulayimale, ndipo ntchito yanga idali kukaima pamzere ndi thumba kudikira chimanga chachikasu chochokera kunja, chomwe nsima yake tinkaidya titatsinzina. Tsono wina akhoza kufunsa, ndipo kufunsako n'koyenera, kuti ngati zonsezi zidalipo kale, chasintha n'chiyani?

Yankho lake lili m'maphunziro omwe tonse tidawapeza m'kalasi, kungoti tidawaloweza pofuna kukhoza mayeso basi. Dzuwa limatenthetsa nthaka ndi nyanja, ndipo kutenthako kumabwerera kumwamba. Mumlengalenga muli mitundu ina ya mpweya, makamaka wa kaboni, yomwe imagwira gawo la kutenthako monga momwe bulangete limachitira. Bulangete limenelo n'lofunika, popanda ilo dziko likadazizira koopsa. Vuto n'lakuti kuyambira pomwe maiko a ku Ulaya adayamba kuotcha malasha m'mafakitale, kenaka petulo, dizilo ndi gasi, bulangetelo lakhala likunenepa. Mafakitale asanayambe, mpweya wa kaboni udali magawo pafupifupi 280 pa magawo miliyoni alionse a mpweya. Pomwe ankayamba kuuyeza mosadukiza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958 udali pa 315. Lero wadutsa 420. Ndiponso nkhaniyi si yatsopano kwa akatswiri: Svante Arrhenius wa ku Sweden adawerengetsera kale mu 1896 kuti mpweyawu ukachuluka dziko lidzatentha. Chaka cha 2024 chidaposa zaka zonse za m'mbuyo mwake pa kutentha chiyambire kulemba, ndipo dziko lidatentha ndi madigiri pafupifupi 1.5 kuposa momwe lidaliri m'zaka za pakati pa 1850 ndi 1900.

Digiri imodzi ndi theka imamveka ngati nthabwala kwa munthu wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa. Koma mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kusenza chinyezi choonjezera pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse. Choncho nthawi ya ng'amba umayamwa madzi ambiri m'nthaka ndi m'mbewu, ndipo nthawi ya mvula umakhuthula ambiri nthawi imodzi. Namondwe naye amatenga mphamvu zake ku madzi ofunda a m'nyanja yamchere, a madigiri 26 kapena kuposerapo. El Niño, kutanthauza kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific kufupi ndi dziko la Peru, ndi chinthu chachilengedwe chomwe chimabwera pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kawirikawiri chimachepetsa mvula m'chigawo cha kumwera kuno. Chilala cha 1992 chidadza m'chaka chotero. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku ano El Niño akumapeza dziko litatentha kale.

Tangowerengani nokha zomwe taona m'zaka zochepa zapitazi. Mu Januwale 2015 madzi osefukira adasamutsa anthu oposa 200,000. Chaka chotsatira kudali chilala. Mu 2018 Chilwa idatsala pang'ono kuphweratu. Mu Malichi 2019 kudabwera mvula ya namondwe wa Idai, yemwe adasakaza mzinda wa Beira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 a magetsi kwa nthawi yoposa chaka, ndipo Gombe adatsatira mu Malichi. Mu Malichi 2023 kudafika Freddy, yemwe adabadwira kufupi ndi Australia, nawoloka nyanja yonse ya India, nakhala ndi moyo masiku 36, zomwe sizidalembedwepo za namondwe wina aliyense. Omwe adafa pamodzi ndi omwe sadapezeke adaposa 1,000, ndipo oposa 600,000 adasowa pokhala. Tisanapume, mu Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi kaamba ka chilala. Makolo athu ankakhala ndi zaka zopumira pakati pa tsoka ndi tsoka linzake, zoti agulenso mbuzi ndi kumanganso nkhokwe. Ife zaka zopumirazo zikutithera.

Tsono ntchito yoyamba ya sukulu pa nkhaniyi, m'maganizo mwanga, ndi kuphunzitsa mwana kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe timakonda kuzisakaniza. Ndakhala nawo pa misonkhano yambiri ya m'midzi pomwe mlendo wovala tayi amauza anthu kuti nyengo yasintha chifukwa iwo adadula mitengo. Zimenezo n'zoona pang'ono chabe, ndipo zimasenzetsa mayi wotola nkhuni mlandu womwe si wake. Mmalawi mmodzi amatulutsa mpweya wa kaboni wochokera ku mafuta ndi malasha wokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani pa chaka, pomwe munthu mmodzi wa ku America amatulutsa matani oposa khumi. Ngakhale titadzala mitengo dziko lonse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Marka, nyanja ya India siizizira ndipo anamondwe sasiya kubwera. N'chifukwa chake maiko akhala akukambirana kuyambira ku Rio de Janeiro mu 1992, ku Kyoto mu 1997, ku Paris mu 2015, mpaka ku Sharm el-Sheikh mu 2022 komwe adagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza maiko osauka pa zomwe aonongekeredwa. Kumeneko timafunika anthu athu odziwa masamu ndi malamulo, otha kutsutsana ndi anzawo a maiko olemera popanda kuchita manyazi, ndipo anthu oterowo amachokera m'makalasi ngati awa.

Koma mbali inayo ndi yathuyathu. Sitingaletse mvula yamphamvu kugwa, koma zomwe imachita ikafika pansi zimadalira zomwe yapeza. Ikapeza phiri la mitengo ndi udzu, madzi ambiri amalowa m'nthaka n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka mu Okotobala. Ikapeza phiri lometedwa mpala, madzi amatsika tsiku lomwelo atanyamula dothi ndi miyala, kukwirira minda, kudzaza Shire ndi matope omwe amakatsamwitsa makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Pa kalembera wa 1987 tidalipo pafupifupi 8 miliyoni, pa wa 2018 tidakwana 17.5 miliyoni, koma dziko ndi lomwe lija. Mwana yemwe wamvetsa mbali ziwirizi sangataye mtima n'kumati zonse n'za azungu, komanso sanganamizidwe kuti akadzala mbande imodzi pa tsiku la mwambo ndiye kuti wathana nazo.

Pamenepa ndidzudzule ife ophunzira, kuyambira ine. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo makalawo sapita kumudzi. Amabwera m'tauni, kwa ife a madigiri. Ine ndidaphunzira za kukokoloka kwa nthaka pano, ndidakazibwerezanso ku Zomba, koma pobwerera ku ulendo wa ntchito ndaimitsapo galimoto pamsewu n'kukweza matumba awiri, ndikudziwa bwino lomwe kuti lamulo la nkhalango la 1997 sililola makala opanda chilolezo. Magetsi akazima ana ayenera kudya, ndiye timadzikhululukira choncho. Omwe amayeza mapuloti m'mbali mwa mitsinje ndi m'mapiri, omwe amasaina mapepala ake, ngakhale omwe amagula, ambiri ndi anthu opita kusukulu. Tsono tisadzitame kuti satifiketi payokha ipulumutsa dziko. Pali maphunziro ongokhozera mayeso, ndipo amenewo tili nawo ochuluka.

Ndikuuzeni chomwe chidanditsegula maso. Freddy atadutsa, ambiri a ife ogwira ntchito m'Boma tidatumizidwa kukathandiza kulemba maina a anthu m'misasa. Ine ndidapita pa sukulu ina ya pulayimale komwe mabanja ankagona m'makalasi, amayi ndi ana mbali ina, abambo mbali ina. Maphunziro adali ataima, mabuku atanyowa, ndipo madesiki ena adali atasanduka nkhuni zophikira phala. Sindikuwaweruza, nanenso ndikadachita chimodzimodzi. Ndidafunsa gogo wina kuti, "Agogo, kodi chenjezo simudalimve?" Iwo adati, "Tidalimva pa wailesi, mwana wanga, masiku angapo mvula isanayambe. Ankati kugwa mamilimita akutiakuti. Nanga ine mamilimita ndiwadziwa? Ndimadziwa ndowa." Ndidasowa choyankha. A zanyengo adagwira ntchito yawo, a wailesi adagwira yawo, koma uthenga udafera panjira chifukwa panalibe woumasulira.

Chonsecho kumasulira kwake ndi masamu a Fomu 1. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi, mulifupi mita imodzi. Bwalo lathu la mpira lili apoli ndi la mamita pafupifupi 100 mulitali ndi 70 mulifupi. Mvula ya mamilimita 100 ikagwa pabwalo lokhalo, ndiye kuti pathiridwa malita 700,000, kapena tinene migolo 3,500 ya malita 200. Tsopano ganizirani phiri lonse la Soche, kapena la Mulanje, likulandira migolo yotere usiku umodzi, nthaka itakhuta kale, ndipo nyumba yanu ili m'munsi mwake. Gogo uja akadauzidwa za migolo, sindikukayika kuti akadanyamuka. Pamsasa womwewo ndidakumana ndi bambo wina yemwe adandiuza kuti banja lake lonse lidapulumuka chifukwa mwana wake wamkazi wa Fomu 2 adaumirira, mpaka kulira, kuti akagone kutchalitchi kumtunda. Bamboyo adati adamukalipira kuti sukulu yamuchititsa mwano. Kutacha, pomwe padali nyumba yawo padali miyala yokhayokha.

Palinso chifukwa china chomwe ndikulirira chitini chathu chija. Mu 2022 gulu la akatswiri lotchedwa World Weather Attribution lidafufuza mvula ya namondwe wa Ana ndi anzake, ndipo lidapeza kuti kusintha kwa nyengo kudaonjezera mphamvu ya mvulayo. Koma lidalephera kunena kuti kudaonjezera ndi mlingo wotani, chifukwa ziwerengero za mvula ya tsiku ndi tsiku, zolembedwa zaka zambiri mosadukiza, zidali zosowa m'dera lathu lino. Taganizirani zimenezo. Tikupita ku misonkhano ya maiko kukapempha chipukutamisozi, koma umboni wathu uli ndi mipata. Mlandu wopanda mboni tonse tikudziwa momwe umathera pabwalo la mfumu. Mlimi nayenso akafunsa mlangizi ngati masiku odzalira asunthadi m'dera lake, kapena ngati ng'amba ya pakati pa dzinja yatalika, yankho loona lingachokere m'buku lokha. Buku lathu la chikuto chakuda likadapitirira kulembedwa, lero likadakhala ndi zaka zoposa makumi atatu, ndipo zaka makumi atatu ndiwo muyeso womwe akatswiri amagwiritsa ntchito pofotokoza nyengo ya malo. A Mphunzitsi Wamkulu, ngati bukulo likadali penapake m'sitolo, chonde lisaotchedwe pamodzi ndi mapepala akale.

Ena anganene kuti zonsezi zingofunika lamulo lokhwima ndi apolisi. Mbiri yathu ikutiphunzitsa zina. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda lidakakamiza anthu kupanga mizere yopingasa ndi migula poteteza nthaka. Nzeruyo payokha idali yabwino, koma idabwera ndi chindapusa ndi ndende, popanda kufotokoza. Mawu akuti malimidwe adasanduka mawu odedwa, ndipo mkwiyo wake udathandiza kusonkhezera moto wa ndale zomenyera ufulu. Lero tikuphunzitsanso zomwezo: akalozera, mizere yotseka, udzu wa vetiva, ulimi wa mtayakhasu, kusiya mitengo ya msangu m'munda poti imayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kuthira chonde osaphimba chimanga. Mlimi amazitsata akaona ndi maso kuti munda wa mnzake wapirira ng'amba pomwe wake wafota. Munda wa sukulu, womwe ife tinkauona ngati malo a chilango, ndiwo ukadakhala malo oyesera zimenezi: mbali ina chimanga chokha, mbali ina chosakaniza ndi nandolo, mbali ina mapira kapena chinangwa, ana n'kumayeza zokolola pa sikelo ndi kufananiza ndi mvula ya m'buku.

Ndiponso sukulu isaphunzitse mwana kunyoza nzeru za kwawo. Makolo athu adali ndi maina a mvula: ankadziwa kuti chizimalupsa si mvula yodzalira. Ankayang'ana mphepo, maluwa a mango, kuuluka kwa inswa. Ngakhale nkhani ya Napolo, chinjoka chomwe amati chimasamuka kuphiri kupita kunyanja, ili ndi phunziro lake, pakuti akuluakulu ankadziwa njira zomwe Napolo adadutsapo ndipo sankamangapo nyumba. Mwana wa Jiogalafe atapita ndi kope kwa agogo ake n'kulemba njira zimenezo, akhoza kujambula mapu omwe ngakhale ku likulu kulibe. Zina mwa zizindikiro zakalezo zikugwirabe ntchito, zina zasokonekera, ndipo tingadziwe izi pokhapokha titaziika pambali pa manambala.

Koma zonsezi zikutheka ngati mwanayo ali m'kalasi, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Nyengo ikavuta, sukulu ndiyo imayamba kuvulala. Nonse mudamva za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2002 idamuchotsa ku sekondale chifukwa makolo ake adasowa fizi. Adapeza buku la sayansi mu kalaibulale kakang'ono, napanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zidutswa za njinga ndi zitsulo zotayidwa, ndipo pambuyo pake adakamaliza maphunziro ku Dartmouth ku America mu 2014. Timainyadira nkhani imeneyi, ndipo n'koyenera. Koma ine ndikaimva ndimaganiza za anzake omwe adachoka naye m'kalasi chaka chomwecho, omwe sadapeze laibulale. Nthawi imeneyo ine ndidali ku yunivesite, ndikudya katatu pa tsiku, pomwe mlongo wanga wamng'ono kumudzi adasiyira Fomu 2. Chimanga chitatha adagulitsa mbuzi, mbuzi zitatha padalibenso cholipirira, ndipo chaka chisanathe adakwatiwa. Adali wanzeru kuposa ine pa masamu, ndipo izi sindikunena mongomusangalatsa. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, koma lamulo siligula sopo kapena yunifolomu, sililipira chigonero, ndipo m'nyumba mukalowa njala, woyamba kuuzidwa kuti adikire chaka chamawa amakhala mtsikana. A Mphunzitsi Wamkulu andinong'oneza m'mawa uno kuti pano pomwe pali mabedi omwe eni ake sadabwerere.

Inu a Fomu 4, mundimvere pang'ono. M'nthawi yathu aliyense ankafuna kukhala loya, dokotala kapena wa ku banki. Ntchito zimenezo n'zabwino. Koma dziko lino likufunanso anthu oyeza nyengo, omanga milatho yoti madzi asaikokolole, odziwa za ulimi wothirira, obereketsa mbewu zocha msanga monga amachitira ku Chitedze ndi ku Bvumbwe. Ku Bunda, komwe tsopano ndi LUANAR, amaphunzitsa zimenezi. Ku MUST ku Thyolo, yomwe idatsegulidwa mu 2014, kuli maphunziro a zanyengo omwe m'nthawi yathu munthu ankayenera kukawafuna kunja. Khomo la zonsezi ndi masamu ndi sayansi, maphunziro omwe ambiri a inu mukuwathawa. Ndipo amene simudzapita ku koleji musadzione ngati otsala, pakuti mudzi uliwonse ukufuna munthu mmodzi wotha kumva za mamilimita n'kuuza anthu za migolo.

A Wapampando, ndifike pa pempho langa, poti ndaona a Mlembi ayang'ana wotchi kachiwiri. Chaka chatha tidagwirizana zosonkha ndalama zomangira chipata chatsopano, cha zipilala ziwiri ndi chikwangwani cholembedwa dzina la Bungwe lathu. Inenso ndidakweza nawo mkono, ndipo chopereka changa ndidapereka, ngakhale mochedwa. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwaikapo mtima kwambiri, ndipo chipata chomwe chilipochi n'chochititsadi manyazi. Komabe ndikupempha kuti chipatacho chidikire chaka chimodzi, tingochipaka utoto, ndipo ndalamazo zigwire ntchito izi.

Tibwezeretse kampanda kaja kuseri kwa labotale, ndi choyezera mvula chovomerezeka ndi zoyezera kutentha. Komiti ilembere a Nthambi Yoona za Kusintha kwa Nyengo ndi Zanyengo kuti adzatithandize kuika zipangizozo pamalo oyenera ndi kutiuza momwe tingawatumizire ziwerengero, kuti zisamangothera m'kabati. Chovuta si kugula chitini, chovuta ndi tchuthi cha Disembala, pomwe mvula ikugwa koma ana kulibe. N'chifukwa chake ndikupempha kuti tiike padera kangachepe ka mwezi ndi mwezi ka mlonda kapena wantchito wina wokhala pano yemwe angaphunzitsidwe kuwerenga. Kenaka tiike mipaipi yotchera madzi ku denga la holo ino pamodzi ndi thanki. Dengali ndaliyeza ndi mapazi m'mawa uno, ndi la mamita pafupifupi 30 mulitali ndi 10 mulifupi. M'chaka cha mvula ya mamilimita 800, madzi otsika padenga limeneli ndi malita 240,000, ndipo onsewo pakali pano amangokumba ngalande yomwe mwaidumpha polowa muno. Sitingasunge onse, koma ngakhale gawo lochepa lingasamalire nazale ya mitengo m'chilimwe. Tonse tidadzalapo mitengo pano mu Januwale, tikuimba, ndipo tonse tikudziwa kuti yambiri inkauma pofika Sepitembala chifukwa padalibe woithirira.

Zotsala zonse, ndipo ndikufuna kuti zikhale gawo lalikulu, zilowe m'thumba lapadera la ana omwe makolo awo akokoloredwa minda kapena apsereredwa mbewu, kuti lizilipira chigonero, yunifolomu ndi ulendo wobwerera kusukulu. Thumbalo likhale ndi osaina atatu, mmodzi wa iwo akhale mayi, ndipo lipoti lake lizisindikizidwa m'kalata yathu ino, popanda kutchula maina a anawo. Ndikudziwa zomwe zidachitikira thumba lina m'mbuyomu, ndipo ndikudziwa kuti ndicho chifukwa chake ena a inu mumakonda njerwa, poti njerwa zimaoneka. Nkhawa imeneyo ndi yomveka, ndiye tiikambirane poyera masana ano m'malo monong'onezana panja.

A Msungichuma ali ndi mitengo ya zipangizo yomwe ndidafunsa m'masitolo awiri, ndipo aliyense akhoza kuiona pa nthawi ya chakudya. Ine ndalonjeza kugula buku latsopano la chikuto chakuda ndi kubwera Loweruka loyamba la mwezi wamawa kudzakumba nawo maenje a kampandako, poti luso lokumba ndidalipeza pano pomwe. A Wapampando, ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana za masana ano, chisankho cha komiti yatsopano chisanachitike, pakuti chikangotha chisankho anthu a ku Lilongwe amayamba kuthamangira basi.